Masewera apakanema othandiza agogo kusiya kudzandira: mafunso ndi mayankho

Kodi masewerawa amathandiza bwanji?

Ndi mafizo ndithu, kungoti agogo amatsatira zimene akuona pa TV kapena m'magalasi a VR, omwe amaphimba maso n'kuonetsa zithunzi ngati kuti munthu ali momwemo. Chida chodziwika ndi Wii Balance Board cha kampani ya Nintendo, chomwe chinatuluka mu 2007. Ndi kathabwa kokhala ndi sikelo pa ngodya zonse zinayi. Agogo akapendekera kumanzere, mpira wapakanema umagubuduzikiranso kumanzere, ndipo akakolo, mawondo ndi chiuno zimaphunzira kubweza thupi lisanagwe. Phindu lili pa kuyima ndi kusuntha thupiko. Kungogwedeza manja ali pampando sikulimbitsa miyendo.

Azichita kangati?

Malangizo a mu 2020 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu ndi zomuthandiza kuyima mokhazikika masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata. Yambani ndi mphindi 10.

Nanga magalasi ophimba maso aja?

Apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa agogo saona pansi. Masiku oyamba avale atakhala pampando. Maso akamaona ngati munthu akuyenda pamene khutu lamkati likumva kuti wangoyima, pamabwera chizungulire ndi nseru. Akangodandaula, kapena mukaona thukuta pamphumi, avuleni magalasiwo apume. Akayamba kusewera choyimirira, wina aziyima pambali chakumbuyo pang'ono, dzanja lili pafupi ndi chiuno chawo.

Malo akhale otani?

Chotsani mphasa ndi zingwe zamagetsi, ndipo patsogolo pakhale tebulo lolimba logwirira. Kuno ku Mzuzu kukazizira mu Juni agogo amakonda masokosi, koma pa simenti yopolisha amaterera moopsa. Pathabwa aponde ndi phazi lenileni, kwina konse avale nsapato zogwira chidendene, osati patapata.

Ndani ayambe waonana ndi achipatala?

Amene anadwalapo sitiroko kapena khunyu, amene amachita chidima akadzuka, ndi amene wagwapo posachedwa. Funsani a mafizo ku Mzuzu Central Hospital musanagule chilichonse.

Tidziwa bwanji kuti zikuthandiza?

Yezani mamita 3 kuchokera pampando. Agogo adzuke, ayende mpaka pamzere, atembenuke, abwerere n'kukhala, inu mukuwerenga nthawi pa foni. Masekondi 12 kapena kuposerapo ndi chizindikiro chakuti angathe kugwa. Lembani m'kope, mudzayesenso pakatha mwezi, pampando womwewo ndi nsapato zomwezo.