Kukhala kutali si vuto, vuto ndi loti palibe amene akuona manja anu

Pali mawu amodzi omwe ndawamva mpaka makutu kuwawa chiyambireni kuphunzitsa bezi, gitala ya mawu a pansi ija: "kwathu kuno kulibe mphunzitsi, nde ndiyamba kaye ndekha pa YouTube, ndikadziwako pang'ono ndi pamene ndidzasake munthu." Abale anga, zimenezi ndi zozondoka. Nthawi imene mphunzitsi amafunika kwambiri ndi miyezi yoyambirira yeniyeniyo, manja asanazolowere kalikonse. Mukadzabwera patapita zaka mukudziphunzitsa nokha, ntchito yanga sikhalanso yokuphunzitsani, imakhala yochotsa zomwe zala zanu zinaloweza molakwika, ndipo kuchotsa kumatenga nthawi yaitali kwambiri kuposa kuika.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi intaneti ayi. Zinthu zabwino zilipo zambiri. StudyBass ya Andrew Pouska ili ndi maphunziro oyalidwa mwandondomeko kuyambira pansi, ambiri ake ndi ongowerenga moti sadya data yambiri, ndipo pa YouTube pali Scott's Bass Lessons, TalkingBass, BassBuzz, anthu odziwa ntchito yawo. Sankhani mmodzi mumutsatire kuyambira phunziro loyamba, osati lero uyu mawa uyo chifukwa choti vidiyo ina yakukokani maso. Koma vidiyo olo ikhale yabwino bwanji siikuonani inuyo. Siingadziwe kuti phewa lanu lakwera mpaka ku khutu, kuti chala chachikulu chikufinya khosi la gitala ngati lithawa, kuti nsambo ya E ikung'ung'udza yokha pamene mukuimba pa D. Inuyonso simungazidziwe zimenezi, chifukwa kwa inu zikumveka bwinobwino, ndi mmene mwakhala mukuimbira tsiku lililonse.

Nde chimene mukusowa kumudziko kapena kulikonse komwe muli si maphunziro. Mukusowa maso ndi makutu a munthu wina. Ndipo zimenezi masiku ano zimatheka popanda kukwera galimoto.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwa anthu akutali ndi yojambulirana mavidiyo. Mphunzitsi amakupatsani ntchito, inu mumayeserera sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mumaimika foni penapake kutsogolo kwanu nkudzijambula mphindi imodzi kapena ziwiri, manja onse awiri aoneke kuyambira pa chigongono mpaka kunsonga za zala, metronome (app kapena kachipangizo kogunda biti mosasintha liwiro) izimveka kumbuyo, osadula pomwe mwalakwitsa chifukwa pomwe mwalakwitsapo ndi pomwe tikufuna kuona. Netiweki ikapezeka, kaya ndi usiku kaya mpaka mukwere pachulu, mumatumiza, iye amaonera mofatsa, kubwereza kangapo, nkukuyankhani ndi vidiyo yake yokuonetsani chokonza. Yankho limenelo limakhala lanu mpaka kale, mutha kulionera ka 20 popanda data.

Ambiri amaganiza kuti phunziro lenileni ndi la video call basi, maso ndi maso. Kwa bezi, pa netiweki yofooka, nthawi zambiri kumangokhala kutaya ndalama. Mawu akamadutsa pa intaneti amachedwa, ndipo anthu awiri amayamba kuvutika kuimbira limodzi kuchedwako kukangopitirira pafupifupi ma millisecond 30 (millisecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), pamene call wamba imachedwa kuposa pamenepo kangapo. Ndiye mphunzitsi amene akukuuzani kuti "tiyeni tiimbire limodzi" pa call wamba sakudziwa chomwe akuchita. Chachiwiri, ma app amenewa anapangidwira mawu a munthu wolankhula, akamva kulira kwa pansi kopitirira amaona ngati ndi phokoso la fani kapena injini nkulidula. Pa Zoom pali pomwe mumayatsa Original Sound kuti isamadule, mphunzitsi wodziwa adzakuuzani zimenezi musanayambe nkomwe. Call ili ndi ntchito yake, kufunsana mafunso, kukonza kagwiridwe pompopompo, kamodzi pa mwezi ndi zokwanira.

Tsono nkhani ya sipika ya foni. Iyi imandipweteka mutu chifukwa pafupifupi aliyense amaphunzira nyimbo pomvera pa kasipika ka foni. Nsambo zinayi za bezi, E, A, D ndi G, zikamalira zosagwidwa zili pa 41, 55, 73 ndi 98 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu). Zonse zili pansi pa 100. Kasipika ka foni sikangatulutse mawu otsika choncho, chomwe mumamva ndi timawu tapamwamba tomwe timatsagana ndi noti yeniyeniyo, ndipo ubongo umangomalizitsa wokha. Zotsatira zake munthu amaloweza mzere wa bezi uli pa octave yolakwika (noti yomweyo koma yokwera kapena yotsika), kapena pena noti zake zolakwika kumene, ndipo choipa kwambiri samva pamene noti yathera. Pa bezi pomwe noti yathera mpofunika chimodzimodzi ndi pomwe yayambira. Pezani mahedifoni, olo otchipa amaposa sipika ya foni kutali. Ngati magetsi ndi ovuta kwanuko pali timaampu ting'onoting'ono ta batire tolowetsa pa gitala pomwepo nkumamvera mmahedifoni. Kuyeserera bezi osailumikiza kulikonse tsiku ndi tsiku kumakuphunzitsani kukoka nsambo mwamphamvu kuti muzimve, ndipo chizolowezi chimenecho chimadzakuvutitsani. App yochunira ikamakana kumva E, gusani nsamboyo pang'ono pamwamba pa fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala) kuti ilire harmonic, kaliwu kake kapamwamba, iyimva.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero nkhani yake imandikhalabe mumtima. Amakhala kutali kwenikweni, bezi anachita kuisungira ndalama nthawi yaitali, ndipo khama lake sindinalionepo kwa ophunzira ambiri amtauni omwe ali ndi zonse. Vidiyo yoyamba yomwe ananditumizira anali akumenya slap (kumenya nsambo ndi chala chachikulu), mothamanga, zala zikuuluka, ndipo kunena zoona khutu anali nalo. Koma lamba anamutsitsa mpaka gitala kufika pa ntchafu chifukwa ndi mmene amaonera anthu pa siteji, nde kuti zala zifike pa nsambo ya E dzanja lamanzere limachita kupindika kwambiri pamalo pomwe timavala wotchi paja, ndipo nsambo zake zinali zotalikirana ndi khosi la gitala moti amachita kufinya ndi mphamvu zonse. Nditamufunsa ngati penapake pamawawa anati eya koma ndi zachizolowezi, aphunzitsi ake anamuuza kuti ululu ndi umboni woti zala zikulimba. Aphunzitsi ake amenewo anali munthu wina wa pa intaneti yemwe amalandira ndalama mwezi ndi mwezi nkumangotumiza ma tab (mizere ya manambala yosonyeza pogwira) ndi ma link, sanapemphepo kuona manja a mwanayo ngakhale kamodzi. Pofika nthawi imeneyo chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimachita dzanzi usiku mpaka kumudzutsa. Ndinamuuza kuti aike gitala pansi apite kuchipatala kaye, zomwe zinali zovuta kumuuza munthu amene chimwemwe chake chonse chinali chimenecho. Anakhala miyezi osaimba. Atabwerera tinayambira pa kakhalidwe ndi kutalika kwa lamba, zinthu za tsiku loyamba, ndipo nditamuikira metronome pa 60 kuti angoimba noti imodzi pa biti iliyonse sanathe kukhala nayo olo mphindi imodzi, amangothamanga. Analira. Chomwe chimandiwawa ndi choti zonsezi munthu aliyense wodziwa bezi akanaziona mu vidiyo ya masekondi 30 chaka choyamba chija.

Nde ndinene mosapsatira. Nsonga za zala kuwawa ndi matuza masabata oyambirira ndi zabwinobwino, khungu limalimba. Koma ululu wa mkati, pa mfundo ya dzanja, pa chigongono, pa phewa, kapena dzanzi, si kulimba ayi. Siyani pompo, ndipo zikapitirira masiku angapo kapena zikamabwera usiku kaonaneni ndi achipatala, osati mphunzitsi wa gitala, osatinso gulu la pa WhatsApp.

Anthu ngati aphunzitsi aja achuluka, ndipo amakonda kwambiri anthu akutali chifukwa amadziwa kuti mulibe pofananizira. Amene akulonjeza kuti mukhala katswiri pa masiku 30 mthaweni. Amene akufuna ndalama za chaka chonse musanayese phunziro olo limodzi mthaweni. Amene akugulitsa satifiketi, palibe bandi yomwe inalembapo woimba bezi chifukwa cha pepala, amangoti imba timve. Musanalipire kalikonse mupempheni vidiyo yake akuimba ndi anthu ena, ndi woimba ng'oma, osati ali yekha mchipinda akuonetsa liwiro, chifukwa kuthamangitsa zala ndi kunyamula bandi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mufunseni kuti miyezi itatu yoyambirira tidzapanga chiyani. Akayamba ndi slap kapena solo, osatchula za nthawi, za kuletsa kulira nsambo zomwe simukuimba, za ma chord (manoti angapo olira pamodzi) ndi ma root (noti yomwe chord yakhazikikapo), ameneyo akufuna kukusangalatsani kuti muzilipirabe. Ndipo chachikulu pa zonse, ngati patha masabata awiri asanakuuzeni kuti tumizani vidiyo ndione manja, simuli ndi mphunzitsi, muli ndi wogulitsa ma link.

Palinso gulu lina lomwe silichita dala, anzathu oimba gitala wamba. Kumalo akutali nthawi zambiri woimba gitala amapezeka, ndipo ndi mtima wabwino amati bwera ndikuphunzitse, bezi ndi gitala yomweyi kungoti nsambo ndi zochepa. Zoona nsambo zinayi za bezi zimachunidwa ngati zinayi zokhuthala za gitala, kungotsika octave imodzi, ndiye atha kukuthandizani kudziwa pomwe pali manoti, ma chord, ndi kumva pamene nyimbo yasintha. Tengani zimenezo ndi manja awiri. Koma kagwiridwe musatengere kwa iye. Bezi yambiri, kuyambira pa Precision Bass yomwe Leo Fender anatulutsa mu 1951, imakhala ndi nsambo zotalika mainchesi 34, pamene gitala wamba ili cha pa 25, nde ma fret oyambirira ndi otalikirana kwambiri. Lamulo la gitala loti chala chimodzi pa fret imodzi mukalikakamiza kumunsi kuno ndi manja aang'ono mudzivulaza. Oimba bezi ambiri kumeneko amagwiritsa zala zitatu, chamkombaphala, chapakati ndi kakang'ono, njira yochokera kwa oimba double bass, bezi yaikulu yochita kuiimika pansi ija, ndipo dzanja limasuntha m'malo motambasuka. Ngati manja anu ndi aang'onodi kapena mukugulira mwana, ziliko za mainchesi 30, si zoseweretsa, ndi bezi zenizeni.

Munthu amene ndingakonde kuti mumusake kwanuko si woimba gitala nkomwe, ndi woimba ng'oma. Kaya ndi wa kutchalitchi, kaya wa kusukulu, kaya kabandi kongosangalatsa anthu, khalani naye pansi kawirikawiri muzimvera phazi lake nkumaika noti yanu pomwe ng'oma yaphazi yagunda. Chimenechi palibe vidiyo yomwe ingakupatseni, ndipo ine amene ndili kutali sindingakupatseninso. Wa kiyibodi nayenso ndi chuma, dzanja lake lamanzere likuchita kale ntchito yomwe mukufuna kuphunzira. Musadikire kuti mukhale "okonzeka", ma root okha pa nthawi yake anyamula nyimbo yonse. James Jamerson, woimba bezi wa kampani yojambula nyimbo ya Motown ku America, amakoka nsambo ndi chala chimodzi chokha, ndipo mpaka lero anthu akuphunzirabe mizere yake.

Za gitalayo payokha ndinene mwachidule, chifukwa anthu akutali ambiri amagula osaigwira. Bezi yambiri yotchipa imafika nsambo zili mmwamba kwambiri, ndipo wophunzira amaganiza kuti vuto ndi zala zake. Jambulani chithunzi cha mmbali pa fret ya 12 mutumizire mphunzitsi. Mpata wa pakati pa fret ndi nsambo ya E ukhale cha pa mamilimita awiri kapena atatu, ukafika asanu pali chofunika kukonza. Kutsitsa pa bridge, chitsulo chomwe nsambo zimakhalapo pa thupi la gitala, ndi kophweka, atha kukutsogolerani pa foni. Chitsulo cha mkati mwa khosi chija, truss rod, musachipotokole nokha mwachisawawa, chimapotozedwa pang'onopang'ono kwambiri ndipo chikalimba nkuchikakamiza chimathyoka. Komanso musaimbire bezi mokweza pa ampu ya gitala wamba, sipika yake siinapangidwire mawu otsika choncho, imang'ambika.

Ngati mungathe kuyenda olo kawiri pa chaka kukakumana ndi mphunzitsi maso ndi maso, chitani, ndipo muuzeni pasadakhale kuti mukuchokera kutali kuti akupatseni maola awiri m'malo mwa limodzi. Pitani ndi bezi yanu yomwe, osati kukabwereka yake, aione, aigwire, aikonze. Mupempheni chilolezo chojambula phunziro lonse. Pali zinthu monga kulemera kwa dzanja pa nsambo zomwe zimamveka msanga munthu akakugwira mkono nkukuuzani kuti masula apa.

Vidiyo yoyamba yotumiza isakhale nyimbo yovuta yomwe mumanyadira. Ikani metronome pa 60, imbani nsambo iliyonse yosagwidwa kanayi mosinthanitsa zala ziwiri za kumanja, kenako fret 1, 2, 3 pa nsambo iliyonse, kamodzi foni ili kutsogolo kamodzi ili kumbali yakumanzere kuti chala chachikulu chioneke kuseri kwa khosi. Tumizani sabata ino, mmene mukuimbiramo panopa, musadikire kuti ziyambe zakoma kaye.