Muli mu Fomu 4 chaka chino? Mafunso ndi mayankho pa malamulo a MSCE

Januwale akafika ambiri amalemba kuchikuto cha kope kuti "chaka chino ndikhoza basi". Ndi bwino kutero, koma bungwe loyendetsa mayeso la MANEB ku Zomba siliwerenga malonjezo. Lili ndi malamulo ake a kakhozedwe, ndipo cholinga cha wophunzira chiyenera kuchokera pa malamulo amenewo.

Chaka changoyamba kumene. Ndithamangirenji?

Changoyamba pa kalendala ya pakhoma. Kusukulu chinayamba mu Sepitembala, ndipo mu Januwale ndi teremu yachiwiri. M'zaka zapitazi MSCE yakhala ikulembedwa cha m'ma Julayi, kotero teremu yachitatu si ya phunziro latsopano ayi, ndi yobwereza ndi kulemba. Kuchokera mu Januwale mwatsala ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo iwiri yoyambirirayi ndi ya mvula, matope, kupalira ndi kubandira, nyumba zina chakudya chikuperewera. Amene akupanga ndondomeko ngati kuti tsiku lililonse adzakhala ndi maola asanu owerenga akudzinamiza.

Kuti ndipate satifiketi ndikhoze bwanji?

Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndi kulakwa. Njira zopezera satifiketi ndi ziwiri: kukhoza maphunziro 6, mwa iwo limodzi likhale la kirediti, kapena kukhoza maphunziro 5, atatu akhale a kirediti. Njira zonse ziwirizi Chingerezi chiyenera kukhala pa maphunziro amene mwakhozawo. Mukapeza 9 pa Chingerezi, ngakhale Masamu ndi Bayoloje mutakhoza ndi 1, satifiketi palibe.

Nanga mapointi aja anthu amatchula?

Amaphatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwakhoza bwino. Ochepa ndiwo abwino, ndipo palibe angatsike kupitirira 6. Mapointi amamveka bwino pa wailesi ndi pamudzi, koma paokha salowetsa munthu ku yunivesite.

Ndiye ku yunivesite amafuna chiyani?

Kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe la NCHE, ndipo mayunivesitewo ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi MZUNI. Poyambira pake ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Apa ndi pamene ambiri amagwa osadziwa. Tiyerekeze mtsikana wapeza 3 pa Chichewa, 3 pa Ulimi, 4 pa Bayoloje, 4 pa Jogalafe, 5 pa Mbiri, 6 pa Masamu, koma 7 pa Chingerezi. Satifiketi ali nayo, makirediti 6 ali nawo, kwawo amuvinira. Fomu ya NCHE ndiye siimuthandiza, chifukwa 7 uja ndi pasi chabe.

Pamwamba pa izi kosi iliyonse ili ndi maphunziro amene imayang'ana. Za udotolo ndi unamwino zimadalira Bayoloje ndi masayansi ena, za uinjiniya zimadalira Masamu ndi Physics. Ndipo malo ndi ochepa kuyerekeza ndi ofunsira, choncho kukwanitsa poyambira sikutanthauza kuti mwasankhidwa. Pezani chilengezo cha NCHE cha chaka chatha kwa aphunzitsi anu muone zimene kosi yanu inafuna, mwezi uno, osati zotsatira zitatuluka.

Cholinga changa ndichilembe motani tsono?

Tengani lipoti la teremu yoyamba. Lembani phunziro lililonse, giredi imene muli nayo lero, ndi imene mukufuna mu Julayi. Kenako funsani: ndi pati pamene mapointi angatsike mosavuta? Kuchoka pa 2 kufika pa 1 ndi ntchito yaikulu yopindula pointi imodzi. Kuchoka pa 7 kufika pa 5 mwapindula awiri, komanso pasi yasanduka kirediti. Komatu mtima wa munthu umakokera ku phunziro limene amalidziwa kale, chifukwa kuliwerenga kumakoma. Ine ndimati ola loyamba la tsiku, mutu usanatope, lipite ku phunziro limene mumalithawa, ndipo ngati Chingerezi chili pa 7 kapena 8, chimenecho ndicho choyamba.

Chingerezi sichiwerengedwa ngati manotsi a Mbiri. Chimafuna kulemba: chimangirizo chimodzi pa sabata, aphunzitsi kapena mnzanu wodziwa achonge, inu mulembenso pokonza. Masamu nawonso amalowa ndi pensulo m'manja.

Za mu Fomu 3 zimabweranso?

Kwambiri. Mayeso amachokera mu silabasi ya Fomu 3 ndi Fomu 4. Ngati makope a chaka chatha anatayika kapena anakulungira mandasi, bwerekani mukopere pano.

Mapepala a mayeso akale ndi othandizadi?

Inde, mukawalemba ngati mayeso enieni: nthawi yoyezedwa, kope lotseka. Kuwerenga funso n'kunena kuti "ili ndikulidziwa" si kuyankha. Kwa amene muli m'masukulu a CDSS opanda labu yokwanira, musaiwale mapepala a pulakitiko. Pemphani aphunzitsi kuti mugwireko zipangizo zimene zilipo, kapena akonze zoti mukaone kusukulu yoyandikana nayo. N'zowawa kuona chipangizo koyamba tsiku la mayeso.

Pa kalembera ndisamale chiyani?

Mndandanda wa olemba mayeso ukabwera kusukulu kuti muutsimikize, onani kalembedwe ka dzina lanu, tsiku lobadwa, chithunzi ndi maphunziro amene akulemberani. Dzina lolakwika pa satifiketi limadzavutitsa pofunsira sukulu ndi ntchito, ndipo kulikonza pambuyo pake ndi ulendo wautali. Chitupa cha MANEB mukalandira chisungeni malo ouma.

Wina akuti ali ndi mayeso enieni pa WhatsApp. Ndigule?

Ayi. Nthawi zambiri ndi akuba amene amangosintha chaka pa pepala lakale. Zikakhala zoona, ndi mlandu: likasa kapena foni m'chipinda cha mayeso zimafufutitsa zotsatira, ndipo ena amathera m'manja mwa apolisi. Zimapwetekanso osalakwa. Mu Novembala 2020 boma linaimitsa MSCE ili mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo dziko lonse linalembanso mu Januwale 2021, oona mtima ndi akuba omwe.

Zikakanika ndiye kuti zathera pomwepo?

MANEB imalola kulembanso, kaya pobwereza kusukulu ya open kapena ngati ekisiteno (wolemba mayeso asali pasukulu). Palinso makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA ndi makoleji a zauphunzitsi, ndipo aliyense amalengeza zofunika zake nthawi yolemba ophunzira ikakwana.