Mashingozi: mafunso omwe anthu akufunsa kuno ku Kasungu

Kodi mashingoziwa amachokera kuti?

Ngati munadwalapo katsabola muli mwana, kachilombo kake sikanachoke ayi, kanangobisala m'mitsempha. Dzina lake ndi varicella-zoster. Kamakhala phee zaka ndi zaka, ndiye chitetezo cha mthupi chikangotsika, kaya ndi ukalamba, kaya khansa, kaya HIV, basi kamadzuka. Si kulodzedwa abale anga.

Ndidziwa bwanji kuti ndi amenewa?

Amayamba ndi kuwotcha kapena kubayabaya malo amodzi, khungu lili bwinobwino osaoneka kanthu, moti ena malaya kungokhudza pamenepo amachita kudumpha. Pakapita masiku angapo pamatuluka timatuza tamadzi todundana, tikuyenda ngati lamba kuchokera kumsana kubwera kumimba kapena pachifuwa, koma mbali imodzi yokha ya thupi. Timatuzato timauma nkupanga nkhanambo pa masiku 7 mpaka 10, kupoleratu ndi masabata awiri mpaka anayi.

Ndiye ndingodikira apole okha?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pomwe pamandiwawa mtima. Mankhwala ake, acyclovir, amagwira bwino mukayamba kumwa pasanathe maola 72 chitulukireni timatuza, masiku atatu okha. Koma kuno munthu amati ndimalize kaye kusoka fodya, kapena ayamba wapaka phulusa ndi mankhwala otsukira mano, akamafika kuchipatala sabata yatha kale mabala alowa dothi. Kaya muli ku Santhe, ku Chamama kapena ku Mtunthama, pitani ku chipatala chomwe mwayandikana nacho tsiku lomwe mwawaona, ngati nkotheka mpaka pa Kasungu District Hospital paboma. Kwa ena makamaka agogo athu, ululu umatsalira miyezi yambiri mabala atapola kale, munthu osagona usiku.

Akatuluka kumaso bwanji?

Pamphumi, pamphuno kapena pafupi ndi diso, musagone nawo. Diso likhoza kuwonongeka.

Kodi amapatsirana?

Simungampatse mnzanu mashingozi. Chomwe chimachitika nchakuti madzi a m'matuza aja akakhudza munthu yemwe sanadwalepo katsabola, iyeyo amadwala katsabola. Ndiye phimbani ndi kansalu koyera, osakanda, sambani m'manja ndi sopo, thawulo lanu likhale lanulanu, ndipo mutalikirane ndi amayi oyembekezera, makanda ndi odwala omwe chitetezo chawo nchotsika mpaka matuza onse atauma. Akauma sapatsiranso.

Anthu akuti ukadwala mashingozi ndiye kuti uli ndi kachilombo ka HIV, nzoona?

Si onse ayi. Agogo ambiri amadwala popanda HIV. Koma sindikubisirani, kwa munthu wachinyamata amatha kukhala chizindikiro choyamba choti chitetezo chatsika, nchifukwa chake adokotala amakupemphani muyezetse magazi. Vomerani, kuyezetsa ndi ma ARV zonse ndi zaulere m'zipatala za boma. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kulozana zala kumjigo, chifukwa manyazi amenewo ndi omwe amapangitsa mayi kubisa mabala mkati mwa chitenje mpaka masiku atatu aja adutsa.

Katemera alipo?

Alipo, Shingrix, amabaya kawiri, ndipo ku America amapereka kwa azaka 50 kupita mtsogolo. Sali m'gulu la akatemera omwe ana athu amalandira kusikelo. Kwa omwe ali pa ma ARV, kumwa mankhwala osadumphitsa kumathandiza kuti chitetezo chisatsike, poti mashingozi amatha kubweranso kachiwiri.