Achimwene, za quantum zili m'foda yanu ya makasitomala

Mwezi watha ndinaitanidwa ku ofesi ina yaing'ono kufupi ndi Park Station ku Johannesburg, kwa bambo wina wakwathu amene amatumiza katundu wa anthu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kompyuta yawo inkachedwa. Ndili mkati mokonza anandifunsa kuti, "Achimwene, za quantum tikumvazi, zikutikhudza ife a katundu?" Ndinawapempha kuti anditsegulire foda ya makasitomala. Munali zithunzi za mapasipoti, ma permit, manambala a foni a abale kumudzi ndi malisiti, ena a mu 2017. Zonsezi anazilandira pa intaneti, ndipo zambiri amazitumizanso kwa anzawo ku Malawi.

Ntchito yanga ndi yoteteza makompyuta, choncho ndifotokoze monga ndinawafotokozera iwo.

Mukamalipira pa foni kapena kutumiza imelo, uthenga wanu umayenda uli wokiya. Loko wake ndi masamu. Nditakuuzani kuti muchulukitse 61 ndi 53, mupeza 3233 msangamsanga. Koma nditangokupatsani 3233 n'kunena kuti mupeze manambala awiri amene anabereka imeneyi, mutuluka thukuta. Loko wotchedwa RSA amadalira zimenezi, kungoti nambala yake imakhala ya madijiti oposa 600, moti makompyuta a masiku ano sangaithe ngakhale atagwira ntchito zaka zikwizikwi.

Kompyuta ya quantum imawerenga mwa njira ina. M'malo mwa 0 ndi 1 imagwiritsa ntchito ma qubit, amene amatha kusunga 0 ndi 1 mosakanikirana kufikira atayezedwa. Musaganize kuti idzathamangitsa Excel wanu, ayi. Mphamvu yake ili pa masamu ochepa chabe, koma tsoka lake amodzi mwa masamuwo ndi aja a loko wathu. Mu 1994 katswiri wa masamu Peter Shor anasonyeza kuti makina a quantum aakulu mokwanira atha kuthyola RSA, pamodzi ndi loko mnzake wotchedwa elliptic curve amene ali m'mafoni ndi m'mabanki.

Makina aakulu choncho kulibe pakali pano, ndipo wokuuzani kuti alipo akukunamizani. Chipu cha Google chotchedwa Willow, chimene chinalengezedwa mu Disembala 2024, chili ndi ma qubit 105 okha. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti mtunda ukufupika. Mu 2019 akatswiri ankawerengera kuti pafunika ma qubit 20 miliyoni kuti athyole RSA. Mu 2025 Craig Gidney wa ku Google, amene anali nawo pa kuwerengera koyamba kuja, anatsitsa chiwerengerocho kufika pansi pa 1 miliyoni.

Ndiye tikudandauliranji lero? Taganizirani wakuba amene watenga sutikesi yokiya. Kiyi alibe, koma sakuitaya. Waiika pansi pa bedi kudikira tsiku limene kiyi adzapezeke. Mauthenga okiyidwa angathe kukoperedwa lero akudutsa pa intaneti, n'kudzatsegulidwa patapita zaka khumi. Mtengo wa thumba la simenti wa chaka chino sudzakhala ndi phindu nthawi imeneyo. Koma dzina la munthu, tsiku lake lobadwa, mbiri ya matenda ake ndi mapangano a bizinesi sizikalamba.

Kunena zoona, oyamba kusakidwa ndi maboma, mabanki ndi zipatala, osati wa saluni ku Yeoville. Komabe tonsefe timadalira iwowo, ndipo kusintha maloko kwayamba kale. Mu Ogasiti 2024 bungwe la NIST ku America linatulutsa maloko atsopano atatu opirira quantum, odziwika kwambiri ndi ML-KEM, ndipo likufuna kuti akale aja akhale atasiyidwa pofika 2035. Pulogalamu yotumizirana mauthenga ya Signal inasintha mu 2023, iMessage ya Apple mu 2024. Ambirinu loko watsopano adzakupezani kudzera mu update, ija mumaikana chifukwa imadya data. Muziilola.

Ntchito yeniyeni ya mwini bizinesi ndi kudziwa zimene akusunga. Tengani kope, mulembe: zinsinsi za anthu zili pati, zimayenda njira iti, ndipo zikufunika kwa zaka zingati. Zimene ntchito yake inatha, fufutani. Lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu ku South Africa, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, silikulolani kusunga za munthu kupitirira nthawi yofunikira, ndipo chindapusa chake chingafike R10 miliyoni. Za msonkho, bungwe lotolera misonkho la SARS limafuna muzisunge zaka 5. Nanga pasipoti ya kasitomala amene katundu wake anafika kalekale ikudikira chiyani? Chimene mulibe palibe angakubereni, kaya ndi wa quantum kaya ndi wakuba wamba, amene ndiye woopsa kwambiri lero.

Kenako funsani amene amakugulitsani zipangizo. Wa makina olipirira ndi khadi, wa website, wa pulogalamu ya malipiro a antchito, afunseni kuti adzasamukira liti ku maloko atsopano. Akayamba kukanda mutu, mwadziwa kale kanthu. Samalani makamaka ndi zinthu zokhalitsa monga router ndi makamera a CCTV. Chimene sichilandira update musagule, ngakhale chitchipe bwanji. Ndipo wina akabwera ndi kabokosi kodula n'kumati n'koteteza ku quantum, sungani ndalama zanu. Bizinesi yaing'ono sikufunika zimenezo.

Kwa inu amene muli ndi ana okonda masamu, dziwani kuti nkhaniyi ili pakhomo pompano. Mu 2019 yunivesite ya Wits inakhala yoyamba mu Africa kulowa m'gulu la IBM logwiritsa ntchito makompyuta a quantum, ndipo mu 2016 IBM inatsegula malo ofufuzira ku Tshimologong ku Braamfontein, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Park Station.

Bambo aja tinakhala nawo mpaka madzulo. Tinafufuta mapasipoti onse a katundu amene anaperekedwa kale, otsalawo tinawakiya ndi AES-256, loko amene akatswiri amamudalira ngakhale pamaso pa quantum. Router yawo inali yakale moti kampani yake inasiya kuitumizira update, ndipo tagwirizana kuti agula ina mwezi ukatha.