Ngalawa ya thanga imapita bwanji kumene mphepo ikuchokera?

Ndimaphunzitsa physics mu Lilongwe muno, ndipo funso ili limanditsatira chaka ndi chaka. Aliyense amene anaonapo timabwato ta matanga pa Damu la Kamuzu ku Malingunde, kapena ku Senga Bay, amadabwa chimodzimodzi: mphepo ikuchokera kum'mwera, koma bwato lopanda injini, lopanda nkhafi, likulowera kum'mwera komweko.

Ambiri amaganiza kuti thanga ndi thumba longotchera mphepo. Zimenezi n'zoona pamene mphepo ili kumbuyo basi. Ikamachokera chammbali kapena chakutsogolo, thanga limagwira ntchito ngati phiko la ndege loimiritsidwa. Limafufuma n'kupindika, ndipo mpweya woyenda kunja kwa kupindikako umathamanga kwambiri, kupanikiza kwake n'kuchepa, pamene wa mkati umapanikiza kwambiri. Thanga limakokeka kulowera kumene kupanikiza kwachepa. Amene anaonapo denga la malata likusasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba akuidziwa kale mphamvu imeneyi. Malatawo amanyamuka kupita m'mwamba.

Vuto n'lakuti mphamvuyo yambiri imakokera bwato chammbali, yochepa yokha ndiyo imaloza kutsogolo. Apa m'pamene pali nzeru imene ili yobisika kwa woonera ali kumtunda. Pansi pa bwato pali thabwa kapena chitsulo chopyapyala cholowa m'madzi. Kutsogolo chimang'amba madzi mosavuta, koma chammbali madzi amachikaniza. Tengani nthanga ya dzungu yonyowa, muifinye ndi zala ziwiri. Chala china chikankha uku, china uko, nthangayo n'kupulumukira kutsogolo. Mphepo ndi chala chimodzi, madzi ndi chinzake.

Komabe palibe bwato la thanga lolunjika mphepo maso ndi maso. Likatero thanga limangokupiza ngati chovala pachingwe, bwato n'kuima. Mabwato ambiri amapatuka madigiri pafupifupi 45 kuchoka kumene mphepo ikuchokera, motero woyendetsa amapita mokhotakhota, kumanja kenako kumanzere, monga amachitira wanjinga wokwera chitunda ndi matumba a makala. Ulendo umatalika, koma amafika.

Nzeruyi si yachilendo panyanja yathu. M'zaka za m'ma 1800, a Jumbe a ku Nkhotakota ankaolotsa minyanga ndi akapolo pa ngalawa za matanga, mbiri yowawa ndithu. Lero mpikisano wa Lake Malawi International Sailing Marathon umadalira mwera, mphepo ya nyengo yozizira, kukankha mabwato kuchoka ku Mangochi kulowera kumpoto.

Mwerawo ndiwo ndimafuna ana asukulu aumvetse bwino, chifukwa ena mwa iwo makolo awo ndi asodzi ku Salima. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pathanga imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, imafika kasanu n'kanayi. N'chifukwa chake mphepo imene m'mawa inali yabwino imagadabuza bwato masana, ndipo woyendetsa wodziwa amapinda thanga kuti lichepe nyanja isanakwiye. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo komanso ya injini, inagadabuka ndi mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutsikira kuli chete. Bwato lathabwa lodzaza anthu ndi matumba a usipa lilibe mphamvu imene sitimayo inali nayo.