Pepala likuti kolesiterolo ili bwino, koma lamba akunena zina

Zimachitika kawirikawiri m'chipinda changa choonera odwala. Amalowa bambo a zaka za m'ma 40, ogwira ntchito ya mu ofesi, atatenga pepala la zotsatira za magazi poti kuntchito kwawo amawayeza chaka ndi chaka. Amaliyala patebulo akumwetulira. "Adokotala, taonani, kolesiterolo ili bwinobwino. Mayi a kunyumba amangondilonda ndi nkhani ya chiwaya." Nambala yomwe akuloza imakhaladi yabwino, yosafika pa 5. Koma ine maso amakhala atatsikira kale pa mizere iwiri ya m'munsi mwa pepalalo, komanso pa lamba amene wamangidwa kunsi kwa mimba, pa bowo lomaliza.

Kolesiterolo ndi mtundu wa mafuta, si poizoni. Thupi limaifuna pomanga makoma a maselo, popanga ndulu yogayira mafuta, ndiponso popanga mahomoni. Yochuluka imapangidwa ndi thupi lanu lomwe, makamaka m'chiwindi. Yochokera m'mbale ndi gawo laling'ono chabe. Popeza mafuta ndi madzi sizigwirizana, kolesiterolo siyenda yokha m'magazi, imakwera matola. Matola ena, otchedwa LDL, amaipereka ku ziwalo, ndipo akachuluka amagwetsa katundu m'makoma a mitsempha mpaka njira ya magazi kuchepa. Ena, otchedwa HDL, amatola yotsala n'kuibwezera kuchiwindi. Nambala imene pa pepala amalemba kuti total cholesterol imaphatikiza zonsezi, ngati wapolisi wa pa rodibuloko amene wangowerenga malole odutsa osafunsa kuti iti ikukataya zinyalala, iti ikukazitola. Ndiye HDL yanu ikatsika kwambiri, nambala ya zonse pamodzi imatsikanso, inu n'kumasangalala pa chinthu chomwe chimayenera kukudetsani nkhawa.

Mizere iwiri ija ndi HDL ndi triglycerides, omwe ndi mafuta amene thupi limasungiramo chakudya chotsala. Iwiriyi ili m'gulu la zizindikiro zisanu za vuto lomwe madokotala amalitcha metabolic syndrome. Dokotala wa pa yunivesite ya Stanford ku America, Gerald Reaven, ndi amene anatsindika mu 1988 kuti BP, shuga ndi kusokonekera kwa mafuta a m'magazi zimakonda kuyendera limodzi chifukwa zimaphuka pa muzu umodzi. Iye analitcha Syndrome X. Mu 2009 mabungwe akuluakulu a za mtima ndi shuga anagwirizana kawerengedwe kake. Chiuno cha masentimita 94 kapena kuposa kwa bambo, 80 kwa mayi. BP ya 130/85 kupita m'mwamba. Shuga wa m'mawa musanadye wa 5.6 kupita m'mwamba. Triglycerides a 1.7 kupita m'mwamba. HDL yosafika 1.0 kwa bambo, 1.3 kwa mayi. Munthu akakhala ndi zitatu mwa zisanuzi, vutolo ali nalo. Miyeso ya chiunoyo, ndinene, tinachita kubwereka kwa azungu a ku Ulaya poti ya anthu a kuno ku Africa inali isanakhazikitsidwe.

Taonani kuti manambala a BP ndi shugawo si oopsa paokha. Wa BP ya 135/85 sagonekedwa, ndipo shuga wa 5.8 sanafike pa matenda a shuga. Kuopsa kwake kuli pa kuunjikana: mwayi wodwala mtima kapena sitiroko umachuluka pafupifupi kawiri, wa matenda a shuga pafupifupi kasanu. Taonaninso kuti LDL, yomwe aliyense amaiopa, palibe pa mndandandawu.

Chifukwa chake chili m'mimba. Mafuta a m'matako ndi m'ntchafu amangokhala phee, savuta kwenikweni. Ovuta ndi a m'kati mwa mimba, aja timawaona atakuta matumbo tikapha mbuzi yonona. Amenewa sagona. Amatulutsa timafuta tomwe timalowa mu mtsempha wochoka kumatumbo kupita molunjika kuchiwindi, ndipo chiwindi chimadzaza. Nthawi yomweyo minofu imayamba kugontha ku insulin, homoni yomwe imauza maselo kuti atsegule zitseko shuga alowe. Thupi likaona kuti silikumveka limakweza mawu, n'kumatulutsa insulin yochuluka. Kwa zaka zingapo njira imeneyi imathandiza ndithu, shuga amaoneka wabwino pa makina, koma insulin yochulukayo imachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, BP n'kumakwera pang'onopang'ono, komanso imauza chiwindi kuti chipange mafuta ena. Chiwindi chimalongedza mafutawo n'kuwaponya m'magazi: triglycerides akwera. M'magazimo mumachitika msinthano. HDL imapereka kolesiterolo yomwe inatola n'kulandira triglycerides, kenaka imafota ndipo thupi limaichotsa msanga: HDL yatsika. LDL nayo imasinthana chimodzimodzi n'kusanduka tizidutswa ting'onoting'ono tolimba, tomwe timalowa mosavuta m'khoma la mtsempha. Kulemera kwa katundu yense sikunasinthe, n'chifukwa chake pepala likuti zili bwino, koma matola ogwetsa katundu achuluka ndipo otola achepa.

Kwa ife anthu akuda pali kenanso. Ofufuza aona mobwerezabwereza kuti triglycerides athu amakonda kukhala otsika ngakhale thupi litagontha kale ku insulin. Choncho triglycerides abwino sandikhazika mtima pansi ngati chiuno chakula ndipo HDL yatsika. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa a Malawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, pomwe a kolesiterolo yokwera sanafike 10 pa 100 alionse. Wongoyang'ana kolesiterolo yekha akanati dziko lili bwino.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikulankhula ndi anthu apantchito? Yang'anani tsiku lanu. Kuchoka pakhomo kulowa m'galimoto kapena m'minibasi, kutsika pageti, kukhala pampando mpaka dzuwa kupendeka. Kagolosale ka pafupi mumakwerera kabaza. Teni koloko tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi, masana chipisi cha pachiwaya kapena mitanda itatu ya ufa woyera, chotsitsira chake chakumwa chozizira. Botolo la 300 ml la zakumwa zotsekemerazi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Sabata ya wekishopu kunyanja ndiye musanene: kudya kasanu pa tsiku, poti zalipiridwa kale. Lachisanu madzulo kanyenya ndi mowa.

Ambiri amandiuza moona mtima kuti sadya zamafuta. Ndimawakhulupirira. Koma chiwindi sichidikira mafuta a m'poto. Shuga ndi nsima zikapitirira zomwe thupi lagwiritsa ntchito, chimazisandutsa mafuta chokha. Mowa umakwezanso triglycerides mofulumira. Mlimi wa kumudzi amadya mitanda yomweyo koma amaitentha ndi khasu. Inu mumaitentha ndi chiyani, kiyibodi?

Chovuta china si cha m'magazi koma cha pakamwa pa abale. Mukanenepa amati zinthu zayamba kuyenda. Mukatsika makilo asanu, azakhali amakukokerani pambali: "Mwana wanga, kodi ukudwala?" Mantha amenewa tikudziwa komwe anachokera, ndipo sindiwaseka. Kwa amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, dziwani kuti ena mwa mankhwalawa, otchedwa dolutegravir, amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amanenepetsa anthu ena, makamaka amayi. Chimenechi si chifukwa chosiyira mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Ndi chifukwa chopempha kuti pokatenga mankhwala azikuyezaninso chiuno, BP ndi shuga.

Chiuno mungayeze nokha ndi tepi ya atelala, mozungulira pa mchombo, osati pomwe pamadutsa lamba, ndiponso osakoka mimba. Ngati tepi palibe, dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, muone ngati chikuzungulira mimba. Chikakana kukumana, mafuta a m'kati aja achuluka.

Nkhani yabwino ndi yoti mafuta amenewa ndi amene amayamba kusungunuka munthu akayamba kuyenda. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu oposa 3,000 omwe shuga wawo anali m'malire. Amene anathandizidwa kuchepetsa thupi ndi makilo 7 pa 100 alionse komanso kuyenda mphindi 150 pa sabata, mwayi wawo wodwala shuga unatsika ndi 58 pa 100. Amene anangopatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin unatsika ndi 31 pa 100. Kwa munthu wa makilo 90, amenewo ndi makilo 6 okha. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu, kuyenda kwa ndawala koti mukutha kulankhula koma simungathe kuimba. Tsikani siteji imodzi musanafike. M'mbale, mtanda umodzi uchoke, mgaiwa ulowe m'malo mwa woyera, ndiwo zamasamba zichuluke, nyemba, khobwe ndi usipa zibwerere pomwe zinathamangitsidwa ndi soseji. Tiyi wa "kusungunula mafuta" wogulitsidwa pa WhatsApp amangosungunula malipiro.

Pali ena amene zimenezi sizikwanira: amene ali kale ndi shuga, amene anagwapo sitiroko, kapena amene LDL yawo ndi yokwera mwachibadwa, moti m'banja mwawo anthu amagwa ndi mtima asanakalambe. Amenewa timawapatsa mankhwala a gulu la statin, monga simvastatin kapena atorvastatin, nthawi zina ngakhale total cholesterol ikuoneka yabwino. Statin amatsitsa LDL kwambiri, koma HDL ndi chiuno sazikhudza kwenikweni. Zimenezo zimatsalira miyendo ndi mbale yanu.

Ulendo wina akakutumizani kokayezetsa, pemphani lipid profile yonse, yosonyeza LDL, HDL ndi triglycerides padera, pamodzi ndi shuga wa m'mawa. Pitani musanadye kanthu kwa maola 8 mpaka 12, madzi okha ndiwo ololedwa, ndipo dzulo lake mowa musaulawe, chifukwa mabotolo a usiku umodzi amatha kukweza triglycerides mpaka kusokoneza zotsatira.