Mtengo wa sikirini ya 4K suthera pa sikiriniyo

Achinyamata ambiri amene amabwera kudzandifunsa zomanga kompyuta ya magemu amafika atasankhiratu chinthu chimodzi: akufuna sikirini ya 4K. Zinazo amati tiona pambuyo. Sindiwaimba mlandu, chifukwa amene waonapo gemu ikuyenda bwino pa sikirini yotere amadziwa kukongola kwake. Koma pa ntchito yanga yomanga ndi kukonza makompyuta ndaona kuti sikirini ndiyo imalamula mtengo wa zonse za m'bokosi muja. Mukasankha sikirini mwasankhiratu graphics card, mwasankhiratu power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, ndipo kwathu kuno mwasankhiratu ngakhale kukula kwa UPS, chida cha batire chimene chimapatsa kompyuta magetsi akazima.

Nkhani yake yagona pa masamu osavuta. Chithunzi chimene mumaona chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa ma pixel. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Ya 1440p ili ndi 2560 ndi 1440, kutanthauza 3,686,400. Ya 4K ili ndi 3840 ndi 2160, zomwe zikupereka 8,294,400, kuwirikiza kanayi ya 1080p ija. Graphics card, khadi lija limajambula zimene mukuona, liyenera kupenta kadontho kalikonse mwatsopano kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Mukafuna 4K pa zithunzi 60 pa sekondi, khadilo likupenta timadontho pafupifupi 498 miliyoni pa sekondi. Mukafuna 1440p pa zithunzi 144 pa sekondi, likupenta pafupifupi 531 miliyoni. Katundu wake ndi wofanana ndithu. Ndiye ndi khadi limodzi lomwelo mukusankha pakati pa chithunzi chosalala kwambiri chimene chikuyenda bwinobwino, ndi chithunzi chosalala mokwanira chimene chikuyenda mofewa kuposa kawiri. Amene wagula sikirini ya 4K n'kuilumikiza ku khadi laling'ono ali ngati munthu amene wagula ngolo yaikulu n'kumangirirako ana a ng'ombe. Amathera potsitsa gemuyo kufika pa 1080p, ndipo ndalama zimene anaonjezera pa sikirini zimangokhala pa desiki osagwira ntchito.

Kusalala kwa chithunzi kumadaliranso kukula kwa sikirini. Ya mainchesi 24 pa 1080p imakhala ndi timadontho pafupifupi 92 pa inchesi iliyonse, ndipo imaoneka bwino. Timadontho tomweto mukatiyala pa mainchesi 27 timatsika kufika pa 82, ndipo zilembo zimayamba kuoneka za manomano m'mbali. N'chifukwa chake sindilimbikitsa 1080p ya mainchesi 27 ngakhale itatchipa. Ya mainchesi 27 pa 1440p imafika pa 109, ndipo mukakhala pa mpando, sikirini ili patali pofika mkono, diso limakhutira. Ya 4K pa mainchesi 27 imafika pa 163, koma zilembo za Windows zimachepa moti mumakakamizika kuzikulitsa kufika pa 150 peresenti kuti muziwerenga. 4K imayamba kuonetsa phindu lake lenileni pa mainchesi 32. Mukandifunsa maganizo anga, munthu amene akumanga kompyuta ndi ndalama zokhetsera thukuta ayambire pa mainchesi 27, 1440p, ndi liwiro la pakati pa 144Hz ndi 180Hz.

Hz imeneyi ikunena kuti sikirini imasintha chithunzi kangati pa sekondi. Pa 60Hz chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi 16.7, pa 144Hz chimakhala 6.9, pa 240Hz chimakhala 4.2. Taonani kuti kuchoka pa 60 kufika pa 144 mwadula pafupifupi mamilisekondi 10, pomwe kuchoka pa 144 kufika pa 240 mwadula osakwana atatu. Kusiyana koyamba kuja aliyense amakuona, ngakhale pongoyendetsa mausi pa sikirini. Kwachiwiriko amakumva ndi okhawo amene amapikisana usiku ndi usana pa Counter-Strike 2 kapena Valorant, ndipo ambiri mwa iwo amasewera pa 1080p mwadala kuti khadi lizitulutsa zithunzi mazanamazana. Komanso pali magemu amene liwiro loonjezeralo salidziwa n'komwe: Tekken 8 ndi Street Fighter 6 nkhondo zake zimayenda pa zithunzi 60 pa sekondi basi, kaya khadi lanu ndi lamphamvu chotani. Choncho funso loyamba limene ndimafunsa kasitomala ndi lakuti mumasewera chiyani. Wa Cyberpunk 2077 ndi wa Valorant sindingawamangire kompyuta yofanana.

Za mtundu wa galasi sindichedwapo. IPS imaonetsa mitundu bwino ngakhale mukuyang'anira cha m'mbali, ndipo ndiyo yoyenera anthu ambiri. VA imaonetsa mdima wakuda bii, koma zotchipa zimasiya kamkwasa kumbuyo kwa chinthu chothamanga pamalo amdima. TN yatsalira m'mbuyo. OLED ndiyo yokongola kuposa zonse chifukwa kadontho kalikonse kamaziyatsa ndi kuzizimitsa kokha, koma ndi yodula, ndipo chinthu chikakhalitsa malo amodzi kwa miyezi, monga kamzere ka pansi ka Windows, chimatha kusiya chipsera. Ngati kompyuta yomweyo mudzalemberapo ntchito tsiku lonse, ganizani kawiri. Mawu oti "1ms" pa katoni, onena za nthawi imene kadontho kamatenga kusintha mtundu, musawakhulupirire msanga, chifukwa kawirikawiri nambala imeneyo imapezeka pa setingi imene imaononga chithunzi. Chimodzimodzinso chizindikiro cha HDR 400, ndi gawo lotsikitsitsa la HDR, luso losiyanitsa bwino kuwala ndi mdima pa chithunzi, ndipo sichiyenera kukukwezerani mtengo. Chimene muyenera kuonetsetsa n'chakuti sikiriniyo ili ndi FreeSync ya AMD kapena ikugwirizana ndi G-Sync ya Nvidia. Izi zimapangitsa sikirini kuyendera limodzi ndi khadi, kuti liwiro likatsika chithunzi chisang'ambike pakati.

Tsopano khadi lenilenilo, limene liyenera kudya gawo lalikulu la ndalama zanu. Kuonjezera pa mphamvu yake, yang'anani memory yake, VRAM. Magemu amasunga mmenemo zithunzi za makoma, nkhope, udzu ndi zina, ndipo sikirini ikamakula timadontho, zofunika kusunga zimachulukanso. RTX 4060 ili ndi 8GB, zokwanira pa 1080p koma zothina pa magemu atsopano mukakwera. RTX 4070 ili ndi 12GB, RX 7800 XT ndi RX 9070 XT zili ndi 16GB. Pa 1440p ndimafuna 12GB kapena kuposa, pa 4K ndimayambira pa 16GB. VRAM ikadzadza gemu imachita kugwiragwira, ndipo makoma amaoneka ngati opakidwa matope kwa kamphindi asanayere. Simungaonjezere VRAM pambuyo pake monga muchitira ndi RAM, memory ya kompyuta yonse, chifukwa inamatidwiratu pa khadipo.

Pali chithandizo chimodzi chimene chafewetsa nkhaniyi. Nvidia ili ndi DLSS, AMD ili ndi FSR, Intel ili ndi XeSS. Zonsezi zimajambula gemu pa timadontho tochepa kenaka n'kukulitsa chithunzicho mwaluso. Pa 4K, setingi ya Quality imajambula pa 1440p n'kukweza, ndipo zotsatira zake zimakhala zabwino ndithu. Koma sizisandutsa khadi laling'ono kukhala lalikulu, ndipo si magemu onse amene ali nazo.

Pa purosesa ndi pomwe anthu amataya ndalama chabe. Timadontho tikamachuluka, ntchito imalemera ku khadi, purosesa imangodikirira. Ryzen 5 kapena Core i5 ya masiku ano imakwanira bwino pa 1440p ndi 4K. Zamphamvu ngati Ryzen 7 7800X3D zimaonetsa phindu kwa amene akusaka zithunzi mazana pa 1080p. Chofunika n'kugwirizanitsa zida. Motherboard (bodi yaikulu yolumikizapo zida zonse) ya mtundu wa AM5, imene AMD inatulutsa mu 2022, imalandira RAM ya DDR5 yokha, pomwe ya AM4 imalandira DDR4. Ya Intel ya LGA1700 imabwera ya DDR4 kapena ya DDR5, koma bodi imodzi silandira zonse ziwiri. RAM gulani timitengo tiwiri, kaya tiwiri ta 8GB kapena tiwiri ta 16GB, chifukwa kamodzi kokha kamayenda pa theka la msewu. Mukamaliza kumanga lowani mu BIOS, mmene muli masetingi a motherboard, muyatse setingi ya XMP kapena EXPO, apo ayi RAM yanu iziyenda pansi pa liwiro limene munalipira. Posungira zinthu, NVMe SSD ya 1TB ndi poyambira, popeza magemu ena amodzi okha amapitirira 100GB.

Kumene ndimalimbana kwambiri ndi makasitomala ndi pa power supply. Munthu amalolera kulipira khadi lodula, koma akafika pa kabokosi kogawa magetsi amafuna kotchipitsitsa. Chonsecho kabokosi kameneka kakafa moipa kamatha kupha motherboard ndi khadi lomwe. RTX 4060 imakoka mawati 115, RTX 4070 imakoka 200, RX 9070 XT imakoka 304, RTX 4090 imakoka 450, RTX 5090 imakoka 575. Onjezerani purosesa ndi zina, kenaka siyani malo opumira, chifukwa makhadi amakono amatha kukoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa. Sankhani ya kampani yodziwika, ya chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena Gold, ndipo muone zaka za chitsimikizo chake. Chizindikirocho chimangonena za kusamala magetsi, koma kampani ikapereka chitsimikizo cha zaka zambiri ndiye kuti ikukhulupirira zimene yaika m'kati.

Apa ndi pomwe 4K imatipweteka kwathu kuno, kumene magetsi amazima ndi kubwera mosalonjera. Kompyuta ya 4K imatha kukoka mawati 600 kapena kuposa gemu ikafika potentha, ndipo UPS yoinyamula si ya masewera. Samalani ndi manambala: UPS yolembedwa 650VA sipereka mawati 650, imapereka osafika 400. Werengani mawati, ndipo muwerengere ndi sikirini yomwe. Ngati mungathe, pezani ya pure sine wave, yotulutsa magetsi ofanana ndi a pakhoma, chifukwa ma power supply ena amakono amazima akalandira magetsi a UPS yotchipa. Amene ali pa sola ndi inverter awerengere batire lawo ndi nambala zomwezi. Nyengo ya mvula mabingu akayamba, zulani pulagi pakhoma pamodzi ndi chingwe cha intaneti, osangozimitsa switchi. Zida zogula ku Johannesburg zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pomwe makoma athu ndi a mano atatu a makona ngati a ku Britain. Gulani chingwe choyenera m'malo modalira adaputala yogwederagwedera imene imatentha.

Mawati onsewo amasanduka kutentha m'chipinda mwanu. Mwezi wa Okutobala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, khadi lalikulu m'bokosi lotsekeka kutsogolo limadzichepetsera liwiro lokha kuti lisapse. Sankhani bokosi la maunauna kutsogolo, lokhala ndi sefa ya fumbi yochotseka, liikeni pamwamba osati pa simenti, ndipo muzipukuta sefayo kawirikawiri m'chilimwe. Yezaninso kutalika kwa khadi musanagule bokosi, ena amapitirira masentimita 30.

Makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito alipo ambiri, makamaka kuchokera mu Seputembala 2022 pamene Ethereum, ndalama ya pa intaneti, inasiya kukumbidwa ndi makhadi, okumbawo n'kuyamba kuwagulitsa. Ena ndi abwinobwino. Koma musalipire musanaone khadilo likuyendetsa gemu yolemera kwa theka la ola, mafani onse akuzungulira popanda phokoso lachilendo, ndipo pa sikirini palibe timizere kapena timabanga. Sikirini nayo iyeseni poonetsa mtundu woyera wokhawokha, kenaka wakuda, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, kuti muone ngati pali kadontho kakufa. Kubweza katundu amene m'bale wakubweretserani kuchokera kunja n'kovuta, ndiye mupempheni ayese asananyamuke.

Zonse zikafika pa desiki, chingwe cha sikirini chilowe kumbuyo kwa khadi, cha m'munsi, osati pa mabowo a motherboard a m'mwamba. Gwiritsani ntchito DisplayPort ngati ilipo. HDMI 2.0 imathera pa 4K ya 60Hz, ndipo kuti mufike 120Hz pamafunika HDMI 2.1 ku khadi, ku sikirini ndi pa chingwe chomwe. Kenaka tsegulani Settings, System, Display, Advanced display, musankhe liwiro lenileni la sikirini yanu, chifukwa nthawi zambiri Windows imaisiya pa 60Hz mpaka mutasintha nokha. Makompyuta angapo amene anabwera kwa ine eni ake akudandaula kuti sikirini yodula sikusiyana ndi yakale, vuto linali pa setingi imeneyi.